Digiri Siikweza Yokha Malipiro a M'boma

Ntchito za m'boma la Malawi zinasanjidwa m'magiredi a zilembo, kuyambira A mpaka R. Pa A pamakhala mkulu wa onse ogwira ntchito m'boma, yemwe ndi mlembi wa Pulezidenti ndi nduna zake. Alembi aakulu a maunduna ali pa C, ndipo amesenjala, alonda ndi osamalira pamalo ali ku zilembo zakumapeto. Udindo uliwonse uli ndi giredi yake, ndipo malipiro amawerengedwa potengera giredi ya udindowo.

Munthu amalowa m'boma pa giredi yolingana ndi pepala limene udindo ukufuna. Wa MSCE, kapena wa satifiketi ya ntchito inayake, nthawi zambiri amayambira pa M, monga kalaliki kapena wothandiza kuwerengera ndalama. Wa dipuloma amayambira pa K, wa digiri yoyamba pa I. Aphunzitsi ali ndi chilembo T kutsogolo: wa ku pulayimale wochokera ku TTC amayambira pa TL, imene akale amaitchabe PT4, pomwe wa ku sekondale wokhala ndi digiri amayambira pa TI.

Poona mndandanda umenewu, ambiri amaganiza kuti amene ali kale pantchito akangopeza pepala lapamwamba, giredi yake isintha mwezi wotsatira. Bodza limeneli lalowetsa mabanja ambiri m'ngongole. M'maofesi oona za antchito, ku Capital Hill ndi kumakhonsolo komwe, sutha mwezi osafika munthu atanyamula digiri yatsopano mu envelopu, n'kumafunsa kuti malipiro ake akwera liti. Kawirikawiri amakhala mphunzitsi wa ku pulayimale kapena kalaliki amene wakhala zaka zinayi akuphunzira Loweruka, Lamlungu ndi patchuthi, fizi akulipira ndi ngongole ya kubanki kapena ya ku SACCO, mwinanso atagulitsa poloti. Yankho limene amalandira ndi lowawa: pepalalo lilowa m'fayilo yake, koma malipiro akhala omwewo. Ena amatuluka akudandaula kuti ofisala akuwachitira nsanje kapena akufuna kangachepe, chonsecho ofisalayo alibe mphamvu yokweza aliyense.

Unduna uliwonse uli ndi chimene m'maofesi amati establishment, ndiko kuti chiwerengero cha maudindo ovomerezeka pa giredi iliyonse. Ngati dipatimenti inapatsidwa maudindo atatu a giredi I ndipo onse ali ndi eni ake, wachinayi sangalowepo ngakhale atabwera ndi masters. Malo amapezeka wina akapuma, akamwalira, akasiya kapena akakwezedwa. Zikatero unduna umapempha chilolezo ku DHRMD, nthambi yoyang'anira antchito onse a m'boma, ndipo a ku Treasury ayenera kutsimikiza kuti ndalama zolipirira udindowo zilipo. Kenako ntchito imalengezedwa, anthu amafunsira, ndipo intavyu imachititsidwa ndi komishoni yoyenera: Civil Service Commission, Teaching Service Commission ya aphunzitsi, Health Service Commission ya azaumoyo, kapena Local Government Service Commission ya antchito a m'makhonsolo. Chimene digiri imapereka ndi ufulu wofunsira nawo ndi kuitanidwa ku intavyu. Kuyambira pamenepo ndi mpikisano, ndipo opikisana nawo ndi anzake a mu ofesi momwemo, nthawi zina pamodzi ndi achinyamata ongotuluka kumene ku yunivesite.

Dongosolo limeneli lili ndi maziko abwino. Boma likanati lizikweza aliyense wobwera ndi pepala, maofesi akanadzaza mabwana okhaokha, ndalama za malipiro zikanasowa poziwerengera, ndipo sukulu zongogulitsa mapepala zikanalemera. Chosayenera kuikiridwa kumbuyo ndi kuchedwa. Alipo aphunzitsi amene akhala pa TL zaka zoposa 10 osaitanidwako ku intavyu, osati chifukwa cha ulesi, koma chifukwa malo salengezedwa. N'chifukwa chake nkhani ya kukwezedwa pantchito siichoka pa zokambirana za bungwe la aphunzitsi la TUM ndi boma. Munthu amene akudziphunzitsa ndi ndalama za m'thumba mwake ayenera kuuzidwa zoona asanayambe, ndipo ayenera kuona zilengezo za ntchito zikutuluka chaka ndi chaka. Pa zinthu ziwirizi boma likuperewera, ndipo amene akuvutika ndi antchito akhama omwe boma lomwelo likuwafuna.

Palinso mapepala amene sathandiza ngakhale malo atapezeka. Chilengezo chilichonse chimatchula maphunziro amene udindo ukufuna. Mphunzitsi wa ku pulayimale amene watenga digiri ya zamalonda sangadalire digiriyo pofunsira uphunzitsi wa ku sekondale, chifukwa kumeneko amafuna ya zamaphunziro yokhala ndi maphunziro ophunzitsa. Ndipo digiri iyenera kuchokera kumene bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba la NCHE, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, linavomereza. Apa ambiri amasokoneza zinthu ziwiri. Kulembetsedwa kumalola sukulu kutsegula, pomwe chimene amati accreditation ndi chitsimikizo chakuti maphunziro akutiakuti a pasukulupo afika muyeso. Sukulu imodzi yomweyo ikhoza kukhala ndi pulogalamu yovomerezeka ndi ina yosavomerezeka, ndipo chikwangwani cha pageti sichinena zimenezi.

Malipiro enieniwo amasintha pafupifupi chaka chilichonse, boma likakambirana ndi mabungwe a antchito monga CSTU ndi TUM, ndipo kusinthako kumayendera bajeti ya chaka cha boma, chimene kuyambira 2022 chimayamba pa 1 Epulo. M'kati mwa giredi iliyonse muli timasitepe timene wantchito amakwera chaka chikatha, koma ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi kusiyana kwa giredi ndi giredi. Pa malipirowo pamachoka msonkho wa PAYE, ndipo kwa amene ali pa penshoni yosonkha pamachokanso 5 peresenti, boma n'kuikapo 10 peresenti. Nambala ya pa payslip payokha siuza munthu zambiri. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, motero wantchito amene malipiro ake anakwera m'zaka zimenezo akhoza kupeza kuti thumba la chimanga lamutalikira kuposa kale.

Achinyamata ena amakopeka ndi maalawansi a m'maulendo. Maalawansi amenewa si malipiro. Salowa m'penshoni, sabwera mwezi uliwonse, ndipo amagwera kwambiri amene ntchito yawo ndi ya maulendo ndi misonkhano. Mphunzitsi wa kumudzi kapena namwino wa pachipatala chaching'ono sawaona kawirikawiri. Ubwino weniweni wa ntchito ya m'boma ndi kukhazikika kwake mpaka zaka 60 zopumira, penshoni, ndi kukhulupiridwa ndi mabanki, ngakhale kukhulupiridwa komweko ndi kumene kumasiya ena akulandira theka la malipiro chifukwa cha ngongole zodulidwiratu.

Popeza giredi yoyambira imatsata pepala, njira ya kusukulu ndi gawo la nkhani yomweyi. Pa MSCE, 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, 9 ndi kulephera. Wofuna yunivesite ayenera kukhala ndi ma credit m'maphunziro 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndipo mapointi amawerengedwa pa maphunziro 6 amene wakhoza bwino koposa. Kusankha ophunzira opita ku yunivesite za boma kumadzera ku NCHE, ndipo yunivesitezo zilipo 6: UNIMA ku Zomba, MUBAS ku Blantyre, KUHeS ya zaumoyo, LUANAR ku Bunda, MZUNI ku Mzuzu ndi MUST ku Thyolo. Zitatu zoyambazo zinali yunivesite imodzi mpaka 2021. Mapointi ochepa okha sakwanira. Pulogalamu iliyonse ili ndi maphunziro ake ofunika, ndipo mwana amene anasiya Physics kapena Chemistry mu Fomu 3 anadzitsekera yekha udokotala ndi uinjiniya, ngakhale atapeza mapointi 10. Makolo ndi aphunzitsi amachedwa kulankhula za zimenezi. Amadzayamba zotsatira zitatuluka kale.

Malo ku yunivesite za boma ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi okhoza MSCE, koma wosasankhidwa njira sizinamuthere. Alipo ma TTC, makoleji a uphunzitsi wa ku sekondale a Domasi ndi Nalikule, Malawi College of Health Sciences ndi makoleji a unamwino a CHAM, komanso sukulu zaluso monga Soche, Nasawa ndi Lilongwe Technical College. Zilipo yunivesite za mipingo monga Catholic University ku Nguludi ndi University of Livingstonia. Wa dipuloma akhoza kudzalowa digiri pambuyo pake kudzera m'njira ya mature entry, kapena ya ODL, yophunzira ali kwawo n'kumapita kusukulu mwa apo ndi apo. Wosowa fizi akhoza kufunsira ku bungwe la ngongole za ophunzira la HESLGB, podziwa kuti ndi ngongole yoyenera kubweza.

Amene angathe kulowa m'boma ali kale ndi digiri nthawi zambiri amapewa zaka zodikira, ngakhale naye akhoza kukhala nthawi yaitali pakhomo ntchito isanalengezedwe. Kwa amene alibe mwayi umenewo, kulowa pa M, K kapena TL n'kumadziphunzitsa kukadali kwanzeru, bola apemphe chilolezo cholembedwa, chifukwa wochoka pantchito popanda chilolezo amawerengedwa kuti wathawa ntchito. Wantchito wofuna kubwerera kusukulu ayambe wafika ku ofesi yoona za antchito, afunse kuti digiri imene akuifunayo imafunika pa udindo uti, maudindo oterowo alipo angati mu unduna wake, ndipo analengezedwa liti komaliza. Akatero aone mndandanda wa NCHE wa mapulogalamu ovomerezeka, asanalipire fizi ya teremu yoyamba.