Citetezo ca maofesi a boma ciyambira pa geti

KATETE – Nkhani za ucigawenga zikamveka pa wailesi, ambiri amaganiza kuti zikhudza asilikali ndi apolisi okha. Koma zocitika za m'maiko oyandikana ndi Zambia zionetsa kuti zigawenga kawirikawiri zimayambira pa maofesi a boma, ndipo oyamba kukumana nazo ndi mlonda wa pa geti ndi kalaliki wolandira alendo.

Pa 5 Okutobala 2017, zigawenga za ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, zinayamba nkhondo yawo mwa kuukira maofesi a polisi m'tauni ya Mocímboa da Praia. Cakumapeto kwa 2021 zinafika m'cigawo ca Niassa. Zambia inali pakati pa maiko a SADC amene anatumiza thandizo la asilikali kumeneko kuyambira mu 2021, kufikira nchitoyo itatha mu 2024.

Cabo Delgado ili kutali ndi Katete, koma anthu a kuno adziwa kuti nkhondo ya kwa mnansi imatha kulumpha malire. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, zigawenga za Renamo zinali kulowa m'midzi ya m'malire m'maboma a Katete, Chadiza ndi Petauke, kupha anthu, kugwira ena ndi kulanda katundu ndi ziweto. Panthawiyo Vubwi inali mbali ya Chadiza, ndipo dera la Sinda linali logawika pakati pa Katete ndi Petauke. Mtendere unabwerera ndi pangano losainidwa ku Rome mu 1992. Lero msewu wocokera pa Katete kupita ku Chanida ndi njira ya magalimoto a katundu opita ku Tete ndi ku doko la Beira, ndipo umadutsa anthu ambiri tsiku ndi tsiku.

Lamulo lothana ndi ucigawenga linakhazikitsidwa m'Zambia mu 2007, ndipo mu 2018 linalowedwa m'malo ndi lina. Bungwe la National Anti-Terrorism Centre ndilo ligwirizanitsa nchitoyi m'dziko. Koma lamulo siliima pa geti. Amene amaimapo ndi munthu.

Zimene zinacitika ku Nairobi pa 7 Ogasiti 1998 zipereka maphunziro awiri. Galimoto yonyamula bomba itafika kuseri kwa ofesi ya kazembe wa America, alonda anakana kutsegula geti lolowera koimika magalimoto pansi pa nyumbayo, motero bomba linaphulikira kunja. Anthu oposa 200 anafa, koma akadacuruka galimotoyo ikadalowa. Phunziro laciwiri ndi lowawa: bomba lalikulu lisanaphulike panamveka kuphulika kwakung'ono, ndipo anchito ambiri anathamangira ku mazenera kukaona. Magalasi osweka anawavulaza, ena anacita khungu. Cotero phokoso lacilendo likamveka, munthu agone pansi kutali ndi zenera.

Katundu wotumizidwa pa positi afunikanso kusamala. Mu Januwale 1977, Jason Moyo, mmodzi wa atsogoleri a cipani ca ZAPU ca ku Zimbabwe, anafa mu Lusaka atatsegula phukusi lomwe munali bomba. Phukusi limene silionetsa amene walitumiza, lolemera modabwitsa, lothimbirira mafuta kapena lotulukira mawaya siliyenera kutsegulidwa, kugwedezedwa kapena kusunthidwa. Anthu aturuke m'cipindamo, ndipo apolisi aitanidwe pa nambala ya 991.

Zina zofunika sizilira ndalama zambiri. Mlendo aliyense alembedwe m'buku ataonetsa citupa cake, ngakhale ali wodziwika kapena wa udindo. Mlonda amene wafunsa citupa kwa mkulu sanacite mwano. Galimoto yosadziwika isaloledwe kugona pa bwalo la ofesi. Makiyi, zidindo ndi yunifomu ziwerengedwe, ndipo cosowa cinenedwe tsiku lomwelo, popeza cidindo cobedwa cimapangira munthu mapepala abodza. Pa maofesi olembetsa zitupa ndi a za olowa ndi oturuka m'dziko, ciphuphu ndi khomo lina lotseguka: wolandira ndalama kuti apereke citupa kwa munthu wosayenera sadziwa amene wamulowetsa. Osesa, amene amafika m'mawa ena onse asanabwere, ndiwo amayamba kuona cikwama cosiyidwa kapena loko wothyoledwa, motero ayenera kudziwa woti amuuze.

Kukhala cheru sikutanthauza kukayikira mlendo aliyense. Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique ndi mtundu umodzi, ndipo caka ciliconse mu Ogasiti amasonkhana pa Mkaika ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Coyenera kuyang'anitsitsa ndi zocita za munthu, osati dziko lake, cipembedzo cake kapena kavalidwe kake. Mphekesera zotumizidwa pa WhatsApp zimangofalitsa mantha. Amene waona cokayikitsa auze mkulu wa ofesi ndi apolisi, anene malo, nthawi ndi cimene waona.