KU MKAIKA KULI MAFUWA, NG'OMA NDI ANA OPHUNZIRA

Caka ndi caka, mwezi wa August ukafika kumapeto, kuzizira kutatha ndipo mphepo ya cilimwe itayamba kuulutsa pfumbi, mseu wa Great East Road umadzaza ndi magalimoto, njinga ndi ngolo zolinga ku Mkaika m'boma la Katete. Kumeneko ndiko kulikulu la Kalonga Gawa Undi, mfumu yaikulu ya Acewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique. Pa Ciweru cotsiriza ca mweziwo mafumu amadza kudzalamba, ndiko kunena kuti kudzapereka ulemu ndi mitulo, ndi kufotokoza za umoyo wa anthu ao. Mafumu Mbang'ombe, Kawaza ndi Kathumba ali pafupi. A Pembamoyo amacokera ku Vubwi, ndipo ena amaoloka malire.

Mwambo wa Kulamba unaletsedwa ndi boma la atsamunda m'caka ca 1934, ndipo unakhala cigonere zaka 50 kufikira 1984, pamene Kalonga Gawa Undi Chivunga IV anaudzutsa. Taganizani owerenga athu: mwana wobadwa caka ca ciletsoco anali ndi adzukulu pamene anauona koyamba. Ng'oma ndi nyimbo zikanakhala zosungidwa kwa mfumu kokha, zikanafera komweko. Zinapulumuka cifukwa m'midzi akulu sanaleke kuphunzitsa ana pamaliro, pacinamwali ndi pamoto wa madzulo.

Mlendo wofika pa Ciweru m'mawa amathamangira kubwalo, maso ali pa mafumu ndi akulu a boma. Ameneyo waona theka cabe. Anthu amayamba kumanga misasa ya udzu masiku angapo tsikulo lisanafike, ndipo kuseri kwa misasayo ndiko kuli nchito yeniyeni. Khamu lonse lija liyenera kudya.

Mwezi wa August ndiwo zamasamba zimasowa kwa iye amene alibe dimba. Apa mpamene imaoneka nzeru ya mai amene anafutsa nkhwani, khwanya ndi citambe m'mwezi wa March ndi April, nazikulunga m'cikwatu ca masamba a msuku. Mfutso umenewu akauviika, nauphika, nautendera ndi nsinjiro za nsawawa za Chalimbana, ngakhale wa m'tauni amaiwala nyama. Pambali pali therere lophika ndi cidulo coceza kucokera ku phulusa la zitsononkho, nyemba, nkhuku ya kumudzi, ndi mbewa zimene anyamata amakumba m'minda yokololedwa. Thobwa la cimera amaliphika dzulo lace kuti ligone, litsekemere.

Pa mafuwa amenewa mpamene mtsikana wokulira ku Lusaka kapena ku Migodi amagwira mthiko waukulu nthawi yoyamba. Kuphika nsima ya anthu atatu pa mbaula ndi kwina, kubvundula mphika wa anthu 20 utsi uli m'maso ndi kwinanso. Akathira ufa phala lisanawire bwino, nsima imaturuka ya mibulu, ndipo azakhali ace sabisa mau. Amamseka, amamlanda mthiko, kenaka amambwezera. Pofika tsiku lacitatu amaomola yekha ndi cipande. Tinene pano kuti pamalo a anthu ambiri cotere madzi akumwa ayenera kuwiritsidwa ndipo cakudya cibvundikiridwe. Kolera imene inabvuta dziko lathu m'caka ca 2024 sinaiwalike.

Dzuwa likapendeka, ng'oma zimawambidwa pamoto wa udzu kuti cikopa cikungike, ndipo pakati pace amamatapo phula kuti liu likhale lolemera. Mnyamata wophunzira sapatsidwa mbalule. Iyo ndi ng'oma ya katswiri, imene imatsata mapazi a gule ndi kulankhula naye. Wophunzira amayambira pa kuomba m'manja, kenaka ng'oma yaing'ono kapena mpanje, imene nchito yace ndi kugwira mayendedwe amodzimodzi osasintha. Kumva kwace nkosabvuta, koma kugwira comweco kwa ola lathunthu, manja akuwawa, anzako akuomba zosiyana ndi zako, ndi mayeso amene ambiri amalephera. Akaphonya, wa mbalule amangomyang'ana, ndipo diso limenelo limapweteka kuposa mkwapulo.

Amai nawo ali ndi sukulu lao. Pa cimtali ndi citelele wamkulu amayambitsa nyimbo, ena nabvomera, ndipo kamtsikana koima kumbuyo kamayamba ndi kubvomera mau awiri okha. Anamwali amene alangizidwa ndi anamkungwi amaturuka pabwalo kubvina pamaso pa mafumu, mitima ikugunda, pakuti kuphonya phazi pamenepo kumakumbukika kumudzi mpaka mvula.

Za gule wamkulu sitinena zambiri, pakuti za kudambwe zili ndi eni ace. Cimene aliyense amaona ndi makanja atalitali, kasiyamaliro ndi zilombo zina zocokera m'maiko atatu, ciriconse ndi mabvinidwe a kwao. M'caka ca 2005 bungwe la UNESCO linalengeza kuti guleyu ndi cuma ca anthu a pa dziko lonse lapansi, ndipo mu 2007 atsogoleri atatu, a Levy Mwanawasa, a Bingu wa Mutharika ndi a Armando Guebuza, anakhala pamodzi pa Mkaika kumuonerera. Ulemu wotere ndi wokondweretsa, koma satifiketi siomba ng'oma.

Ena amaopa kuti mwana wokonda bwalo adzathawa sukulu. Mantha amenewa ali ndi cifukwa cace, pakuti zinacitikapo m'midzi yambiri. Kalonga Gawa Undi Mkhomo V, amene analowa ufumu mu 2004, wakhala akudzudzula maukwati a ana ang'ono ndi kuturutsa ana m'kalasi cifukwa ca mwambo. Mwai wace ngwakuti Kulamba imacitika masukulu ali pa chuti ca August, kotero kholo lotenga mwana ku Mkaika silimlanda tsiku ngakhale limodzi la maphunziro.

Pa Sondo m'mawa misasa imayamba kupasuka. Miphika yakuda ndi mwaye imamangidwa pa njinga, ng'oma zimakwezedwa pamwamba pa malole opita ku Sinda, ku Vubwi, ku Mchinji ndi ku Tete, ndipo anyamata ena amakwera atakulunga zala ndi tinsanza cifukwa ca matuza.