Kuchotsa gudumu lakumbuyo la njinga yamoto pakhomo

Gudumu lakumbuyo ndilo limasenza zambiri: woyendetsa, wokwera, thumba la ufa, zigubu za madzi. N'chifukwa chake ndilonso limaponcha kawirikawiri m'misewu yathu ya miyala ndi minga. Kulichotsa nokha n'kotheka, ndipo ndalama ya makaniko imatsala m'thumba. Koma kumbuyoko n'kumene kuli buleki ndi tcheni, motero kachitsulo kamodzi kakabwerera polakwika, ngozi yake imagwera inu ndi munthu amene mwamunyamula.

Malangizowa ndi a njinga zofala kuno, monga Bajaj Boxer ndi TVS, zimene buleki yake yakumbuyo ili m'kati mwa gudumu ndipo imakokedwa ndi kandodo kachitsulo.

Zimitsani injini ndi kudikira paipi ya utsi izizire. Sankhani malo osalala, a nthaka youma, n'kuimika njinga pa sitandi ya pakati. Pa dothi lofewa yalani thabwa pansi pa sitandi, chifukwa imatha kumira ntchito ili pakati. Nyumba zathu n'zoyandikana ndipo ana sachedwa kudzazungulira. Auzeni aonerere patali. Konzani masipanala, pulayala, girisi ndi thumba loti muyalepo zitsulo. Ngati foni yanu imajambula, jambulani mbali zonse ziwiri za gudumu musanamasule kanthu.

Yambani ndi buleki. Masulani nati ya kumapeto kwa kandodo kaja, n'kusunga sipuling'i ndi kachitsulo kobulungira kamene kandodoko kamalowamo. Pansi pake pali chitsulo china chachitali chimene chimagwira chivundikiro cha buleki kuti chisazungulire limodzi ndi gudumu. Chotsani kapini ka miyendo iwiri, kenako nati yake.

Tsopano masulani nati yaikulu ya ekiselo, chitsulo chimene gudumu limazungulirapo. Mukasolola ekiselo pagwa kachitsulo konga kapaipi kakafupi, mwina ndi mawashala. Yalani zonse pathumba m'ndondomeko imene zatulukira, zakumanja kumanja, zakumanzere kumanzere. Ekiselo ikakanirira, ikanipo kamtengo n'kugogoda pakamtengopo. Kuimenya ndi hamala mwachindunji kumaphwanya mazinga ake, ndipo nati sidzalowanso.

Pa njinga zambiri za mtunduwu, chitsulo cha mano chimene tcheni chimayendapo chili ndi nati yakeyake ndipo chimatsalira panjinga. Gudumu mumangolikokera kumanja n'kulitulutsa, wina atapendeketsa njinga pang'ono. Pa zina chimatuluka limodzi ndi gudumu, ndiye muyenera kuyamba mwakankhira gudumu kutsogolo kuti tcheni chikhwepe, n'kuchivula.

Gudumu lili panja chomwecho, yang'anani zimene masiku onse zimabisika. Timalabala ta m'kati mwa gudumu, tochepetsa kugwedeza injini ikamakoka, tikaphwanyika njinga imachita kudzuka ngati yakankhidwa. Zinsalu za buleki zikatsala zopyapyala ngati ndalama yachitsulo, gulani zina. Fumbi la m'bulekimo musaliuzire ndi pakamwa, silabwino m'mapapo. Pukutani ndi kansanza konyowa. Ndipo girisi kapena oyilo asakhudze zinsaluzo ngakhale pang'ono, chifukwa buleki yodzola mafuta siigwira. Ngati mwavula tayala kuti mumate chubu, sisitani m'kati mwake ndi kansanza kuti mupeze munga kapena msomali umene unaboola. Ambiri amaiwala izi, n'kuponchanso asanafike pachipata. Matayala ena ali ndi kamuvi m'mbali kosonyeza kumene ayenera kuzungulirira.

Pobwezera, pakani girisi pang'ono pa ekiselo. Kapaipi kakafupi kaja kabwerere pamalo pake. Mukakasiya, kumanga nati kumapana gudumu n'kuwononga mabering'i. Timabawuti tokokera tcheni tili mbali zonse ziwiri, ndipo pambali pake pali timizere. Zizindikiro zikhale pamzere wofanana kumanja ndi kumanzere, apo ayi gudumu likhala chopendekera, tayala n'kumadyeka mbali imodzi. Tcheni chizitha kukwera ndi kutsika masentimita awiri kapena atatu mukachikankha ndi chala pakati pake. Chothina kwambiri chimatha kuduka mukanyamula katundu, chokhwepa chimavuka. Pochiyesa injini ikhale yozima, zala zambiri zaduka pamenepa.

Mangani nati ya ekiselo mwamphamvu. Kenako bwererani ku chitsulo chachitali chogwira chivundikiro cha buleki, chimene anthu othamangira makasitomala amachiiwala. Chikakhala chosamanga, mukangoponda buleki chivundikiro chimazungulira, kandodo n'kupindika, ndipo gudumu limatha kuuma mwadzidzidzi njinga ili pa liwiro. Ikani kapini katsopano n'kukhadzula miyendo yake. Msomali kapena waya si m'malo mwake.

Mangani nati ya kandodo mpaka buleki izigwira mutaponda masentimita awiri kapena atatu. Zungulitsani gudumu ndi dzanja: liyende momasuka, liime mukaponda, nyali yofiira iyake. Yendani nokha pang'onopang'ono pamalo opanda anthu, kenako imani n'kuyesanso manati onse ndi sipanala musananyamule munthu.