Nyanja Imayambira ku Phiri

Munthu wa ku Dowa kapena ku Ntchisi akamva za akazi okhala m'madzi, aja amati kumtunda ndi munthu koma kumunsi ndi nsomba, amangoti zimenezo n'za eni nyanja. Kuno kulibe mafunde, kulibe makoka. Komatu mvula yogwa pamapiri athuwa sikhala pano. Lingadzi amatsetserekera ku Salima, Bua amakathira m'nyanja ku Nkhotakota, ndipo mitsinje yochokera m'mapiri a Ntchisi ndiyo imadzaza nyanja yaing'ono ya Chia. Dothi lokokoloka m'munda wa fodya kumtunda kuno limakakwirira timiyala ta mu Bua pamene mpasa umaikira mazira. Choncho funso loti kodi mizimu ya m'madzi ingateteze madzi ndi lathunso.

Kumadzulo kwa Africa amatchula Mami Wata, mkazi wokongola wa tsitsi lalitali amene pazithunzi amakhala atakoleka njoka m'khosi. Koma chondikopa kwambiri kumeneko ndi mwambo wa asodzi a ku Ghana: m'madoko ambiri Lachiwiri bwato silipita panyanja, chifukwa tsikulo ndi la mzimu wa nyanjayo. Asodzi amakhala pamtunda n'kumasoka maukonde, nsomba n'kupuma. Ndipo pali mfumu ya asodzi yolanga wophwanya lamulolo.

Ku Zimbabwe amati njuzu. Mu 2012 nduna yoona za madzi, a Samuel Sipepa Nkomo, inauza aphungu kuti antchito anathawa pa madamu a ku Gokwe ndi kufupi ndi Mutare chifukwa choopa njuzu, ndipo panafunika mafumu kuti achite mwambo. Anthu a kutali anaseka. Ine ndinaonapo china: boma linakakamizika kukafunsa eni dera lisanakhudze madzi awo.

Koma tisafulumire kunena kuti chikhulupiriro chilichonse chimasamala madzi. Ku Salvador, m'dziko la Brazil, pa 2 February chaka chilichonse khamu la anthu limaperekera mphatso m'nyanja kwa Iemanjá, mayi wa m'nyanja. Kwa zaka zambiri mwa mphatsozo munali magalasi odziyang'anira, zipeso, mabotolo a mafuta onunkhira ndi zidole zapulasitiki, mpaka atsogoleri a chipembedzocho anayamba kupempha anthu kuti azipereka maluwa ndi zinthu zotha kuola. Anthu ankaukonda mzimuwo ndi mtima wonse, uku akuipitsa nyumba yake.

Ife Achewa mzimu wathu wa m'madzi sunkaoneka ngati mkazi wa mchira wa nsomba ayi, unali njoka. Ku Msinja, m'mphepete mwa Dzalanyama, Makewana ankapempha mvula kwa Chisumphi, ndipo mthenga wa Chisumphiyo anali Thunga, njoka yokhala m'dziwe lopatulika. Napolo naye ndi chinjoka chokhala pansi pa phiri, chimene chikamasamukira kunyanja chimagumula miyala ndi midzi, monga anthu ananenera ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991. Makolo athu, mwa njira yawoyawo, ankadziwa kuti phiri ndi nyanja n'zolumikizana. Pamalo a kachisi ngati wa ku Msinja panali malamulo: nkhwangwa sinkalowa, moto sunkayatsidwa, ndipo panali munthu wodziwika woyang'anira.

Amene akukayika ayende pamsewu wochoka ku Mponela kupita ku Ntchisi m'chilimwe. Adzaona minda yambee, mitengo itapita ku zigafa, ku makala ndi ku uvuni wa njerwa. Kenaka apo ndi apo pali kankhalango kowirira, kobiriwira. Afunse mwana aliyense, amuuza kuti pamenepo ndi pamanda. Palibe mlonda wa boma, palibe waya. Pali nyakwawa, pali akudambwe, ndipo aliyense amadziwa kuti wodula mtengo pamenepo mlandu wake suthera pakamwa.

Chitsanzo choposa zonse chili kumunsi kwathuku, pachilumba cha Mbenje ku Salima. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 ufumu wa Makanjira umatseka usodzi pachilumbachi nyengo ya mvula, kuchokera mu December mpaka cha mu April, ndipo potsegulira pamakhala nsembe kwa mizimu. Mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa, akazinso saloledwa kupondapo. Lamulo lomalizali ine silindikomera, ndipo ndikuona kuti nsomba zingaswane bwinobwino popanda ilo. Koma zoti utaka wa ku Mbenje umakhala waukulu, ofufuza za nsomba akhala akuchitira umboni. Wophwanya lamulo amalipitsidwa kapena kuthamangitsidwa pachilumbapo.

Ndikaika Mbenje pambali pa Ghana ndi Brazil, ndikuona kuti mantha okha sateteza kanthu. Mzimu umasunga madzi pokhapokha patakhala tsiku lodziwika, malire odziwika, ndi munthu wamoyo wokhala ndi mphamvu yoweruza. Amaori a ku New Zealand anazindikira zomwezi: mtsinje wa Whanganui, umene amautenga ngati kholo lawo, mu 2017 unapatsidwa ufulu pamalamulo ngati munthu, n'kuuikira anthu ouyankhulira.

Ndikudziwa kuti kuno uthenga wa Chikhristu unafika kalekale, ku Mvera mu 1889 ndi ku Kongwe patangopita zaka zochepa, ndipo ambiri a ife sitingapitenso kukathira nsembe padziwe. Sindikupempha zimenezo. Mkhristu yemweyo amene sakhulupirira za Thunga sadula mtengo kumanda, chifukwa mudzi unagwirizana kuti malowo ndi olemekezeka.

Pempho langa likupita kwa a Nthondo, a Vuso Jere, a Kasakula, a Chiwere, a Msakambewa ndi mafumu anzawo: kasupe aliyense wa m'dera lanu mumuike pamlingo wa manda. Itanani mudzi, yendani nawo malire, uzani anthu kuti pamenepo khasu ndi nkhwangwa zisafike, tchulani chindapusa, ndipo musankhe womuyang'anira amene aliyense akumudziwa dzina. Abusa ndi mashehe akhalepo pa tsikulo, ndipo ntchitoyi iyambe mvula ya chaka chino isanagwe.