Kuyezetsa thupi musanadwale: zofunika kwa opopera mankhwala ndi osamala ziweto

Pali ntchito zina za boma zimene wozigwira sayenera kudikira kuti adwale kaye asanaonane ndi dokotala. Alangizi a ziweto amene amasakaniza mankhwala pa dibi, oyeza nyama m'malo ophera ng'ombe, ofukiza chimanga m'nkhokwe zikuluzikulu, opopera dzombe m'madambo a nyanja ya Chilwa ndi opopera mankhwala a udzudzu m'nyumba, onsewa amagwira zinthu zimene zimaononga thupi pang'onopang'ono, mwini wake osamva kanthu. Njira yowatetezera ndi kuwayeza asanayambe ntchito, kenaka kumawayezanso nthawi ndi nthawi ngakhale akuoneka athanzi.

Nkhaniyi ikukukhudzani inunso alimi, makamaka alimi achitsanzo. Mankhwala amene mumapopera m'thonje, m'matimati kapena pothana ndi ntchemberezandonda m'chimanga, ambiri mwa iwo ndi a m'gulu lomwelo. Kusiyana kwake n'kwakuti wa boma ali ndi womulemba ntchito amene lamulo limamukakamiza kumuteteza, pomwe inu muyenera kudziyang'anira nokha.

Lamulo la chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pa ntchito la mu 1997 limapereka udindo kwa olemba ntchito woonetsetsa kuti antchito awo akugwira ntchito motetezeka, kuphatikizapo kuwapatsa zovala zodzitetezera. Lamulo la chipukutamisozi cha ogwira ntchito la mu 2000 limakhudzanso matenda obwera chifukwa cha ntchito, osati ngozi zokha. Koma kuti munthu asonyeze kuti ntchito ndiyo yamudwalitsa, pamafunika umboni wa mmene thupi lake linalili poyamba. Umboniwo umachokera ku kuyezetsa koyambirira.

Zimene mankhwala amachita m'thupi

M'thupi mwathu mitsempha imatumiza mauthenga ku minofu kuti igwire ntchito: dzanja lifumbate, mapapo akoke mpweya, matumbo akankhe chakudya. Uthenga ukafika uyenera kufufutidwa msanga kuti mnofu upume. Chofufuta uthengawo chimatchedwa cholinesterase, ndipo chimapezekanso m'magazi, n'chifukwa chake n'zotheka kuchiyeza.

Mankhwala a m'gulu la organophosphate amapha tizilombo poimitsa chofufutachi. Tsoka lake amachitanso chimodzimodzi mwa munthu. M'gululi muli dimethoate, chlorpyrifos, profenofos, malathion, dichlorvos, fenitrothion, chlorfenvinphos wa m'madibi ena, ndi pirimiphos-methyl amene amapezeka mu Actellic. Gulu lina lochita zofanana ndi la carbamate, monga carbaryl ndi aldicarb, uja anthu amamutcha temeki. Maina amenewa amalembedwa ndi zilembo zing'onozing'ono pansi pa dzina la malonda pa botolo, ndipo ndiwo ofunika kuwawerenga.

Cholinesterase akachepa kwambiri, mauthenga amangounjikana. Munthu amatuluka thukuta lambiri, malovu ndi misozi. Mboni za m'maso zimachepa ngati kansonga ka singano. Amasanza, kutsekula m'mimba, minofu kumanjenjemera, chifuwa kubanika. Izi ndi zizindikiro za munthu amene poizoni wamulowa kale kwambiri. Zisanafike pamenepo, cholinesterase amatha kumatsika tsiku ndi tsiku munthu akungomva kamutu, chizungulire pang'ono kapena kutopa, iye n'kumati ndi dzuwa kapena malungo. Ena samva chilichonse. Ndiye tsiku lina sipuleya ikadontha pamsana, mankhwala ochepa amene mnzake sakanawamva n'komwe amamugwetsa, chifukwa chomuteteza chinali chitatha kale.

Chifukwa chiyani kuyeza koyamba n'kofunika kwambiri

Mlingo wa cholinesterase umasiyana kwambiri munthu ndi munthu. Wina anabadwa ndi wambiri, wina wocheperako, onse ali bwinobwino. Choncho nambala imodzi yokha siuza dokotala zambiri. Zili ngati kusikelo ya ana: kulemera kwa mwana mwezi umodzi sikokwanira, azaumoyo amayang'ana mzere wa pa khadi kuti aone ngati ukukwera kapena kutsika.

Tiyerekeze kuti mlingo wanu musanayambe kupopera unali 100, ndipo patapita mwezi mwapezeka ndi 72. Nambala ya 72 itha kuoneka yabwinobwino kwa amene sakudziwa kumene mwachokera, chifukwa alipo anthu athanzi amene mlingo wawo ndi womwewo. Koma kwa inu ndiye kuti mwataya magawo 28 pa magawo 100, ndipo penapake mankhwala akukulowani.

Kuyeza koyambaku kumachitika munthu atakhala masiku osachepera 30 asanagwire mankhwala a m'magulu awiri aja. Kwa mlimi wa mbewu za dzinja, nthawi yabwino ndi mvula isanayambe. Kwa mlimi wa kudimba amene amapopera chaka chonse, pamafunika kuchita kusankha mwezi wopumira. Kuyeza kotsatira kumachitika m'kati mwa nyengo yopopera, pasanathe masiku atatu chipopereni, ndipo kuchitikire ku labotale yomweyo, chifukwa makina osiyana amapereka manambala osiyana.

Kumene kuyeza kotereku kunakhazikitsidwa mwalamulo, monga m'zigawo za California ndi Washington ku America, amatsata malire awa. Mlingo ukatsika ndi magawo oposa 20 pa 100, amafufuza kagwiridwe ka ntchito: kodi magolovesi ang'ambika, sipuleya ikudontha, munthuyo akudya asanasambe m'manja? Ukatsika ndi magawo 30 m'maselo ofiira a magazi, kapena magawo 40 m'madzi a magazi, munthuyo amamuchotsa pa ntchito yogwira mankhwalawo mpaka mlingo utabwerera pa magawo 80 a poyamba paja. Sikuti amamuchotsa ntchito ayi, amangomupatsa ina. Kubwererako kumachedwa: m'maselo ofiira mlingo umakwera ndi gawo limodzi lokha pa 100 pa tsiku, kutanthauza kuti amene watsika ndi magawo 40 amafunika pafupifupi masabata atatu kuti angofika pa 80. Palibe mkaka, mowa kapena chakudya chimene chimafulumizitsa zimenezi. Thupi limachita kupanga lokha cholinesterase watsopano.

Kuyezaku kuli ndi malire ake, ndipo ndi bwino kuwadziwa. Sikuonetsa mankhwala a m'gulu la pyrethroid monga cypermethrin, deltamethrin ndi lambda-cyhalothrin, sikuonetsa amitraz wa nkhupakupa, ngakhalenso mankhwala opha udzu monga glyphosate ndi paraquat. Mankhwala a carbamate amachoka msanga m'magazi, moti mukachedwa kuyezetsa zotsatira zitha kuoneka zabwino pamene munavulala. Matenda a chiwindi, kuperewera kwa zakudya m'thupi ndi pathupi nazonso zimatsitsa mlingo wa m'madzi a magazi, choncho muuzeni dokotala zonsezi. Mpweya wa phosphine, wochokera ku mapiritsi ofukizira chimanga, nawonso suoneka pa kuyezaku. Ofukiza ovomerezeka amatetezedwa ndi zopumira zapadera komanso zida zoyezera mpweya m'nkhokwe, zimene mlimi alibe. N'chifukwa chake mapiritsiwa si oika m'matumba a chimanga m'nyumba yogona anthu. Matumba osalowa mpweya monga a PICS amapha nankafumbwe popanda mankhwala alionse.

Chitsanzo cha pafupi ndi ife

Ntchito yopopera mankhwala a udzudzu m'nyumba, monga imene inachitika ku Nkhotakota kuyambira mu 2018 pogwiritsa ntchito Actellic 300CS, ili ndi ndondomeko yabwino kutengerapo. Opopera amaonedwa ndi achipatala asanayambe. Amayi amayezedwa ngati ali oyembekezera asanayambe, ndiponso mwezi uliwonse ntchito ili m'kati, ndipo wopezeka woyembekezera amapatsidwa ntchito yosakhudzana ndi mankhwala. Ovolosi amasiyidwa ndi kuchapidwa pamalo a ntchito, sapita nayo kunyumba. Palibe chimodzi mwa izi chimene kalabu ya alimi ingalephere kutsanzira. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa asapopere, asasakanize mankhwala, ndiponso asachape zovala zopoperera. Kuchapaku ndiko kumaiwalika m'mabanja ambiri: bambo amavala zodzitetezera bwinobwino, madzulo n'kumuponyera mayi kuti achape ndi manja.

Osamala ziweto ndi alimi a mthirira

Kwa alangizi a ziweto ndi oyeza nyama, choopsa si mankhwala okha komanso matenda ochokera ku nyama. Chiwewe chikangoyamba kuonetsa zizindikiro sichichizika, choncho ogwira agalu kawirikawiri amalimbikitsidwa kubayitsa katemera asanalumidwe. Bungwe la WHO limati jakisoni awiri, wachiwiri patatha masiku 7. Ngakhale wobayitsayo akalumidwa ayenera kutsuka bala ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15 ndi kupita kuchipatala tsiku lomwelo kukalandira jakisoni owonjezera.

Matenda a brucellosis, amene amapolozetsa ng'ombe ndi mbuzi, amalowa mwa munthu akagwira matenda obadwa nawo mwana wa chiweto ndi manja kapena akamwa mkaka wosawiritsa. Amabweretsa kutentha thupi kobwerabwera, thukuta la usiku ndi kuphwanya kwa mfundo, moti ambiri amamwa mankhwala a malungo kangapo osachira. Ngati mumathandiza ziweto pobereka ndipo malungo sakupezeka m'magazi, nenani kwa dokotala ntchito imene mumagwira. Chifuwa chachikulu cha ng'ombe chimafalanso kudzera mu mkaka wosawiritsa. Chifuwa chopitirira masabata awiri n'chofunika kukayezetsa makhololo. Za anthrax, amene anapha mvuu zambiri ku Liwonde mu 2018, langizo ndi limodzi: nyama yofa yokha mwadzidzidzi musaisende, musaidye, itanani alangizi a ziweto.

Ogwira ntchito m'masikimu a mpunga monga Likangala, Domasi, Bua ndi Limphasa amakhala m'madzi nthawi yaitali, ndipo vuto lawo lalikulu ndi likodzo. Munthu wamkulu atha kukhala nalo zaka zambiri osaona magazi mu mkodzo, uku likuononga chikhodzodzo. Kuyeza mkodzo kapena chimbudzi kamodzi pa chaka n'kosavuta, ndipo mankhwala ake, praziquantel, amaperekedwa potengera msinkhu kapena kulemera kwa munthu.

Zimene mlimi angachite

Kuyeza cholinesterase kumafuna labotale yokhala ndi zida zake, ndipo si chinthu chimene mungachipeze pa chipatala chaching'ono cha kumudzi. Ngati mumapopera masiku ambiri pa mwezi, makamaka inu opopera mwaganyu m'minda ya anzanu, funsani ku chipatala cha boma cha m'boma lanu kumene mungayezetse. Amene mumagwira ntchito pa esiteti kapena mumalima pa mgwirizano ndi kampani, funsani akuluakulu a pamenepo. Kufunsa zimenezi si mwano.

Komabe zambiri zothandiza sizifuna makina odula. Nyengo yopopera isanayambe pitani kuchipatala muli bwinobwino, mukayezetse kuthamanga kwa magazi ndi shuga, akuoneni maso, khungu ndi chifuwa. Munthu wa mphumu, wa khunyu, wa matenda a chiwindi, kapena wa zilonda m'manja ndi kumsana sayenera kunyamula sipuleya. Khungu long'aluka limamwa mankhwala msanga kuposa labwino, ndipo kwa opopera njira yaikulu yolowera poizoni ndi khungu, osati pakamwa monga ambiri amaganizira. Nthawi yoopsa koposa ndi posakaniza, pamene mankhwala asanasungunulidwe ndi madzi.

Pemphani kuti zotsatira zilembedwe m'kabuku kanu ka kuchipatala pamodzi ndi ntchito imene mumagwira. Kunyumba sungani kope lina: tsiku limene mwapopera, dzina la mankhwala, masipuleya angati, ndi mmene munamvera madzulo ake. Ine ndimaona kuti kope limeneli, kwa mlimi amene sangapeze labotale, ndilo chida champhamvu koposa. Mutu ukamabwera tsiku lililonse lopopera dimethoate n'kumasowa masiku ena, simufunikanso wina wokuuzani gwero lake. Siyani kupopera, wina apitirize, ndipo kopelo mupite nalo kuchipatala.

Alimi achitsanzo, inu muli ndi udindo wapadera chifukwa sipuleya ya kalabu nthawi zambiri imakhala kwa inu, ndipo ndinu amene mumapopera m'munda wachionetsero komanso kuthandiza okalamba. Musamapopere nokha minda yonse. Sinthanani, kuti munthu mmodzi asagwire mankhwala a organophosphate masiku otsatizana kwa masabata. Gulani mankhwala olembetsedwa ndi bungwe la Pesticides Control Board, okhala m'botolo lake lenileni ndi chizindikiro chake. Ogulitsidwa m'timabotolo ta zakumwa pamsika sadziwika dzina, ndipo dokotala amavutika kuthandiza munthu amene sakudziwa chimene chamulowa. Mzere wofiira kunsi kwa chizindikiro umasonyeza mankhwala oopsa kwambiri, ndipo ngati alipo ena ogwira ntchito yomweyo a mzere wobiriwira kapena wabuluu, funsani alangizi a ku EPA yanu akuthandizeni kusankha.

Wina akayamba kutuluka malovu, kusanza, kuona mwachimbuuzi kapena kubanika pamene akupopera kapena atangomaliza, imeneyo si nkhani ya kuyezetsanso koma ya changu. Mchotseni m'munda, mvuleni zovala zonyowa, msambitseni ndi sopo ndi madzi ambiri, inu mutavala magolovesi kapena majumbo m'manja. Musamumwetse mkaka kapena mafuta ophikira, ndipo musamusanzitse. Ngati wakomoka mgonekeni chammbali. Thamangirani naye kuchipatala mutatenga botolo la mankhwalawo, lotseka bwino ndi lokulunga m'jumbo, chifukwa dzina la pa botolopo ndilo limathandiza dokotala kudziwa ngati wodwalayo akufunika jakisoni wa atropine kapena chithandizo china.