Chikhulupiriro chimene Napolo sangakokolole

Mu Marichi 2023, namondwe wa Freddy atakhuthula mvula masiku angapo osaleka, phiri la Mulanje lidatsitsa matope, miyala ikuluikulu ndi mitengo, mitsinje ngati Ruo ndi Thuchila nkusefukira. Cha ku Muloza nyumba ndi minda zidakwiririka. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa osapezekanso, ndipo oposa 600,000 adasowa pokhala. Achikulire adakumbukira Napolo wa mu Marichi 1991, amene adatsika m'phiri la Michesi nkusesa Phalombe, panthawiyo idakali mbali ya boma la Mulanje. Madziwo sadasankhe. Adatenga mkulu wampingo pamodzi ndi munthu amene sadapondeko m'tchalitchi. Nchifukwa chake Akhristu a kuno sangalithawe funso lakuti ndi chikhulupiriro chotani chimene chimatsala chili chilili zoterezi zikachitika.

Chimene chimayamba kugwa ndi chija chomangidwa ngati malonda: upereke chakuti, udzoze mafuta akuti, tsoka silidzafika pakhomo pako. Munthu wophunzitsidwa choncho akaika mwana wake m'manda amangoona zinthu ziwiri, kuti Mulungu wamunamiza kapena kuti iyeyo sadapereke zokwanira, ndipo zonsezi zimamuswa mtima. Komatu Baibulo silidalonjeze zimenezo. M'fanizo la nyumba ziwiri pa Mateyu 7, mvula, mitsinje ndi mphepo zidawomba nyumba zonse ziwiri, ya pathanthwe yomwe. Kusiyana kudali pa maziko, ndipo maziko amakumbidwa kukadali ng'amba. Mpingo umene suphunzitsa anthu ake za masautso nthawi ya mtendere ukuwasiya manja lende pa tsiku la chigumula.

Ena amati ngozi zotere ndi chilango cha machimo a anthu a m'deralo. Maganizowa amamveka ngati oopa Mulungu, koma ndi nkhanza kwa ofedwa, ndipo Yesu mwini adawakana. Pa Luka 13 adakamba za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu idawagwera, nanena kuti sadali ochimwa kuposa anzawo a mu Yerusalemu. Abwenzi a Yobu nawonso adadzudzulidwa chifukwa choumirira kuti mnzawoyo adalakwa penapake. Ngati tikufuna zifukwa, zina zili poyera. Mitengo ya m'phiri, kuphatikizapo mkungudza wotchuka uja, yatha ndi macheka, moto ndi makala. Malo ambiri abwino ali ndi minda ya tiyi, anthu achuluka, motero osauka amalima ndi kumanga m'matsitso ndi m'mbali mwa mitsinje. Amene adakwiririka ambiri adali anthu osowa kwina kopita.

Nanga maziko olimbawo amamangidwa bwanji? Umboni wa ku Mulanje ukuloza ku mpingo wapansi, wa m'milaga ya CCAP ndi m'miphakati ya Akatolika, kumene anthu amadziwana maina ndi mavuto. Taonani pamaliro a mwana m'mudzi. Amayi a Mvano amafika wina atasenza nkhuni, wina kambale ka ufa, nkukhala pamphasa pafupi ndi namfedwa, kuimba usiku wonse mpaka tambala kulira. Salongosola chifukwa chake mwanayo wafa. Amangoonetsetsa kuti mayiyo asalire yekha, ndipo pa masiku amene iye sangathe kupemphera, anzakewo amamupempherera. Chizolowezi chimenechi sichibadwa tsiku la ngozi. Chimakula ndi zaka za kusonkhana mlungu ndi mlungu, kuwerenga Mawu ndi kuzonda odwala, nchifukwa chake matchalitchi ndi masukulu atasanduka misasa ya othawa madzi, panali kale anthu odziwa kugawana chochepa. Chipatala cha Mulanje Mission, cha Sinodi ya Blantyre, chidachokera m'mtima womwewo wa kulalika uku ukumanga mabala.

Pali chidandaulo china cholemera kwambiri, chakuti kuphunzitsa kupirira kumagonetsa anthu, nkumangoti zonse ndi Mulungu pamene akadatha kudziteteza. Nzoona kuti mawu amenewa nthawi zina akhala pobisalira ulesi, ngakhalenso wa atsogoleri. Koma kupirira kwa m'Baibulo nkwa munthu wogwira ntchito. Yosefe adasunga chakudya zaka 7 njala isanafike ku Ejipito. Nehemiya adapemphera, nkuikanso alonda pa linga. Mkhristu amene wamva chenjezo la a zanyengo pa wailesi nkusamutsa banja lake kupita kumtunda sadachepekedwe chikhulupiriro, ndipo amene watsalira pansi pa phiri dala akuyesa Mulungu.

Choncho abusa, ansembe ndi akulu a mpingo a kuno ku Mulanje, dzinja lisanafike lalikiraniko za Yobu, lengezani machenjezo a nyengo paguwa, tsogolerani Akhristu kubzala mitengo m'mbali mwa mitsinje, ndipo mlaga kapena mphakati uliwonse udziwiretu nkhalamba ndi olumala amene adzafunike kunyamulidwa madzi akadzabweranso.