Nkhokwe Imodzi ya Mawu, Alembi Ambiri

Kale wofufuza mawu ankalemba liwu lililonse pakhadi lakelake: liwulo pamwamba, kenaka gulu lake, tanthauzo, chitsanzo ndi dera kumene lamveka. Makhadiwo ankasungidwa m'bokosi limodzi. Munthu akatulutsa khadi, mnzake sankatha kulembapo kanthu kufikira khadilo litabwezedwa. Dongosolo limeneli linali lochedwetsa, komabe linkateteza ntchito.

Masiku ano makhadi aja amasungidwa m'kompyuta, m'chimene pa Chingerezi amati database. M'nkhani ino tikuchitcha nkhokwe, pakuti ambiri amatutiramo ndipo ambiri amatapamo. Makompyuta a mu ofesi akalumikizidwa pa netiweki, alembi asanu angathe kutsegula nkhokwe imodzi nthawi imodzimodziyo, aliyense ali padesiki pake.

Apa ndi pamene pamayambira vuto. Tiyerekeze kuti alembi awiri atsegula khadi la liwu loti "chilinganizo". Woyamba akonza tanthauzo nasunga. Wachiwiri, amene akuonabe tanthauzo lakale, awonjezera chitsanzo nasunganso. Ngati pulogalamuyo ilibe chitetezo, zimene anakonza woyamba zimafufutika popanda wodziwa.

Njira zopewera zimenezi zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kukhoma khadi pamene munthu wayamba kulembapo, kotero kuti ena amangowerenga. Yachiwiri ndi kulola onse kulemba, koma wosunga pomalizira amachenjezedwa kuti khadilo lasinthidwa kale. Pa ntchito ya matanthauzo, pamene munthu angathe kusinkhasinkha liwu limodzi kwa theka la ola, ine ndimaona kuti yoyamba ndiyo yoyenera, ngakhale kuti imakwiyitsa mlembi akapita ku nkhomaliro atasiya khadi lokhoma.

Pulogalamu ya Microsoft Access, imene inatuluka mu 1992, ndi chitsanzo chodziwika. Poyamba inkakhoma chigawo chonse cha fayilo, nkutsekera pamodzi makhadi oyandikana. Kukhoma khadi limodzi palokha kunadza ndi Access 2000. Akatswiri amalangiza kugawa nkhokwe yotere pawiri: mawu enieniwo akhale pakompyuta imodzi yapakati, ndipo mlembi aliyense akhale ndi mafomu ake olemberamo pakompyuta yake. Tidziwenso kuti magetsi akazima wina ali mkati mosunga, fayilo yonse ingathe kuwonongeka. Nchifukwa chake nkhokweyo iyenera kukoperedwa kwina tsiku ndi tsiku.

Koma loko wa kompyuta sadziwa malamulo a kalembedwe, ndipo nkhani imeneyi ndiyo ikutikhudza ife alembi, akonzi ndi aphunzitsi. Kompyuta imayerekeza zilembo, osati matanthauzo. Wina akalemba "mau", mnzake nalemba "mawu", pamabadwa makhadi awiri a liwu limodzi, lililonse ndi tanthauzo lake, ndipo palibe chenjezo limene limaoneka. Chimodzimodzinso "kompyuta" ndi "kompiyuta", kapena "Chinyanja" ndi "Cinyanja" monga amalembera anzathu a ku Zambia. Chilembo cha ŵ chili ndi mavuto akeake: sichili m'gulu la zizindikiro 128 za ASCII, ndipo ngakhale Unicode inachipatsa nambala yake, U+0175, alembi ambiri amangolemba w chifukwa ndiye ali pafupi ndi chala.

Chobisika koposa ndi nkhodolero. Pali yowongoka, imene imachokera pa kiyibodi, ndi yopindika, imene Microsoft Word imaikamo yokha munthu akamalemba. M'maso mwa wowerenga "ng'ombe" ndi "ng'ombe" basi, koma kwa kompyuta ndi mawu awiri osiyana. Mlembi amene wakopera mndandanda kuchokera mu Word angathe kulowetsa kachiwiri mawu onse a ng', monga ng'oma, ng'ona ndi ng'anjo, pamene mnzake wofufuza ndi nkhodolero yowongoka sadzawapeza atsopanowo.

Tsono nkhokwe isanatsegulidwe kwa anthu ambiri, ofesi igwirizane pa zinthu zingapo nkuzilemba papepala: nkhodolero imodzi, kalembedwe kamodzi ka liwu lotsogolera, ndi danga lapadera pakhadi lolembamo kalembedwe kena kamene kamapezeka m'mabuku, kuti wofufuza "mau" atsogoleredwe ku "mawu". Mphamvu nazonso zigawidwe. Ofufuza onse athe kupereka liwu latsopano ndi kuwonjezera zitsanzo, koma kuvomereza liwu lotsogolera ndi kufufuta khadi kukhale m'manja mwa mkonzi mmodzi, ndipo khadi lililonse lisonyeze amene analisintha pomalizira ndi tsiku lake.